Madzi a mu Mgolo wa Nkhasi ya Achimwene

Ndikukumbukira bwino lomwe, ndipo ndikufuna kulongosola mwatsatanetsatane, nkhani ya nkhasi imene ndinapatsidwa kuti ndiisamale pamene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota. Kwa anzanga amene anakulira kumtunda, ndiyenera kufotokoza kuti nkhasi ndi kamba wa m'madzi. Imakhala m'madambo, ili ndi chigoba chakuda, ndipo ikadzidzimuka sibweza mutu molunjika monga achitira kamba wa pamtunda, koma imapinda khosi cham'mbali n'kutseka kachitseko ka pachifuwa pake.

Zimenezi zinachitika chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Sukulu inali itangokhala yaulere, moti ife a Sitandade 4 tinkaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa zipinda zinali zitadzaza. Anthu anali atangomasuka pakamwa. Aliyense anali ndi maganizo ake pa nkhani iliyonse, ndipo ankawanena mokweza, ngakhale osafunsidwa.

Mwini wake wa nkhasiyo anali achimwene anga a Twaibu, amene ndimasiyana nawo zaka zisanu ndi zitatu. Anaipeza itakodwa mu mono wawo kudambo, ili yaing'ono ngati chikhatho cha mwana, ndipo anaisunga zaka ziwiri mu mgolo wodula pakati umene unali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mtengo wa mango. Pakati pa mgolowo anaikapo mwala woti izikwerapo kuothera dzuwa. Pa zaka ziwiri zonsezo sindinamvepo munthu aliyense akudandaula za mgolowo. Ndiyeneranso kuvomereza kuti sindinaonetsetsepo mmene achimwene ankausamalirira, pakuti maso anga anali pa mpira wachikulunga.

Mwezi wa Epulo achimwene analembedwa ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa. M'mawa wa tsiku lonyamuka, chikwama chili kale paphewa, anandiitanira ku mgolo.

"Saidi, iyi ndakusiyira iweyo. Uziipatsa tiusipa tiwiri pa tsiku, ndipo madzi asamade. Ndidzabwera pa sadaka ya agogo. Ndidzaipeze."

Galimoto yamatola inali ikuliza kale hutala kumsewu, motero sanawonjezere mawu ena. Ine ndinalandira malangizowo monga munthu alandirira kalata yomulemba ntchito. Achimwene anali asanandigwiritsepo chinthu chawo chilichonse, ngakhale mbedza. Sadaka ya agogo athu, mwambo wopempherera malemu ndi kudyetsa anthu, inali itakonzedwa kuti idzachitike mpunga ukakololedwa. Panali miyezi itatu yoti ndionetse kuti ndine munthu wodalirika.

Ndinayamba ntchito tsiku lomwelo. Ndinaitulutsa nkhasi ndi manja awiri n'kuiika m'beseni, ndinakhuthula madzi onse, ndinakwecha mgolo ndi mchenga mpaka dzimbiri linasuluka, kenaka ndinatunga ndowa zinayi kunyanja. Madzi anayera moti ndinkaona nkhope yanga. Koma pamene ndinkaibwezeramo ndinamva fungo limene ndinali ndisanalimvepo pakhomo pathu. Ndayesa kwa zaka zambiri kupeza chofanizira chake, ndipo chapafupi chimene ndapeza ndi mazira owola osakaniza ndi matumbo a nsomba a dzana. Linali m'beseni, linali pansi, linali m'manja mwanga. Ndinaganiza, mopanda ulemu, kuti achimwene anali atasiya uve wambiri, ndipo kuti ine ndinali nditangouvundula.

Pano ndiyenera kutchula bambo anga. Iwo anali telala, munthu wosalankhulalankhula, amene ankasoka pakhonde la sitolo ina kumsewu. Pa nkhani ya ukhondo sankanyengerera. Malo awo otawazira, kumene ankasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, ndiko kuti asanapemphere, anali pa mwala wophwatalala, mapazi asanu okha kuchokera pa mgolo. Masana a tsikulo anafika ndi ketulo yawo ya madzi, anakhala pamwalapo, kenaka anakweza mphuno.

"Saidi, chafa n'chiyani kuno?"

"Palibe chafa, ababa. Ndatsuka."

"Watsuka? Nanga usanatsuke kunali bwanji?"

Iwo anamaliza kutawaza, anakutumula manja, ndipo anapereka chigamulo mosakweza mawu. Anati malo opembedzera sangakhale pamodzi ndi fungo la najisi, ndiko kuti zonyansa zoipitsa swala. Anati akadzalimva katatu, chilombocho chidzabwerera kudambo kumene chinachokera, kaya Twaibu wabwera kaya sanabwere, ndipo kuti limene analimva tsikulo linali loyamba.

Potsatira chenjezo limeneli, ndinaonjezera khama. Ndinayamba kutsuka kawiri pa tsiku. Ndinaphunziranso kuchita ntchitoyo bambo akangonyamuka kupita kosoka, chifukwa ndinaona kuti pakapita maola angapo fungolo linkachepa. Koma silinkatha. Tsiku lililonse ndikangoyamba kutsuka linkabweranso ndi mphamvu zake zonse. Kumadarasa, kumene tinkaphunzira kuwerenga Chiarabu madzulo, anzanga ankasendera kutali mpaka ndinkatsala ndekha pa mkeka. Ndinkasamba m'manja ndi phulusa, ndi masamba a ndimu, ndi mchenga wa kunyanja, koma osaphula kanthu. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti madziwo ankaoneka oyera kuposa amene tinkamwa m'nyumba. Ndinkaima pa mgolo, n'kumaona pansi pake bwinobwino, n'kumadzifunsa kuti uve wosaoneka ndi maso umabisala pati.

Yankho linaoneka ngati lafika mwezi wa Meyi, pamene mlangizi wa zaumoyo anabwera kusukulu kwathu pa njinga yake kudzaphunzitsa za madzi. Anati m'madzi muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Pa nthawi ya mafunso ndinaimika dzanja, ndinaimirira mowongoka, n'kufunsa kuti munthu achite chiyani ngati madzi ake akununkha ngakhale akuwasintha tsiku ndi tsiku. Sindinatchule kuti madziwo anali a nkhasi, poopa kuti kalasi yonse indiseka. Mlangiziyo anandiyamikira chifukwa cha funso lanzeru, ndipo anapereka mfundo zinayi: kusefa ndi nsalu yoyera, kuwiritsa, kuthira kolorini, ndi kutsuka chosungiramo ndi sopo. Ndinazilemba kuchikuto kwa kope langa la masamu, ndipo ndinazitsatira zonse popanda kusiyapo ngakhale imodzi.

Nsalu yosefera ndinaipeza m'dengu la zigamba la amayi. Inali nsalu yakale ya chipani, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri pakati. Zaka ziwiri m'mbuyomo, munthu akanapezeka akuthira madzi a nkhasi pa nkhope imeneyo, mudzi wonse ukanagona kuthengo. Ndinaigwira ndi mantha, ndikuyang'ana uku ndi uku, koma amayi anangoti ndisaing'ambe chifukwa ankafuna kudzatsekera pa zenera. Zimenezinso sindinazimvetse, koma ndinalibe nthawi yoziganizira. Inali nyengo ya mwera, nyanja inali yovunduka, ndipo nsaluyo inkagwira mchenga wambiri. Ndinkauona mchengawo n'kumakhutira kuti ntchito ikuyenda.

Kuwiritsa ndiko kunabweretsa mkangano. Ndowa zinayi za madzi zimafuna nkhuni zambiri, ndipo nkhunizo zinali za amayi, zimene ankakatola kutali. Anandipeza ndikupemerera moto pansi pa mphika wawo waukulu.

"Iwe, kwabwera alendo angati?"

"Ndi madzi a nkhasi, amayi. Ndiwaziziritsa kaye."

"Ooh, yayamba kumwa tiyi? Ndikabwereke shuga? Kudamboko ndani ankaiwiritsira?"

Funso lomalizali linali lomveka, koma ine ndinali ndi mfundo zolembedwa m'kope, zochokera kwa munthu wa boma, ndipo sindinaone chifukwa chozisinthira pa mawu a pakamwa. Ndinalonjeza kuti ndizikatola nkhuni zanga, ndipo ndinkaterodi.

Kolorini anali m'kabotolo kamene mabanja onse anapatsidwa nyengo ya mvula. Muyeso wake unali kachitsekero kamodzi pa ndowa. Ine ndinalingalira kuti vuto langa linali lalikulu kuposa la anthu wamba, motero ndinathira tiwiritiwiri. Patapita masiku awiri maso a nkhasi anatupa. Inasiya kudya, inasiya kukwera pa mwala, inkangokhala pansi itadzitsekera, ndipo tiusipa tinkayandama pamwamba osakhudzidwa. Ndinagwidwa ndi mantha aakulu. Tsiku limenelo ndinaitulutsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti ndione masowo, ndikuitembenuza chagada, ndikuipukuta ndi kansalu. Fungo linadzaza bwalo lonse, ndipo bambo atabwera kudzatawaza sanafunse n'komwe. Anangondiyang'ana n'kuimika zala ziwiri.

Nkhani inamveka m'mudzi, ndipo monga ndanenera kale, inali nyengo imene aliyense anali ndi maganizo. Wina anati ndithiremo phulusa. Wina anati mchere. Msodzi wina anati nkhasi ya mu mgolo imafuna inzake. Mayi wina woyandikana nafe anati nkhasi sizisungidwa pakhomo, zimabweretsa ulesi. Ndinasiya kolorini chifukwa cha maso aja, koma zina zonse ndinapitiriza, ndipo ndinkatsuka mofulumira ngati wakuba, khutu lili kumsewu.

Chakumapeto kwa Juni mpunga unacha ku Malengachanzi, kumene azakhali anga anali ndi munda, ndipo mpunga wa sadaka unali woti uchokere kumeneko. Anatiitana, amayi ndi ine, kuti tikathandize kumweta ndi kupuntha kwa masiku asanu ndi atatu. Ndinayesa kudandaula, koma pempho langa linakanidwa. Pakhomo panatsala bambo okha. Ndinawafikira mwaulemu, nditagwada, kuwapempha kuti andisamalireko mgolo.

"Kudyetsa cholengedwa cha Mulungu ndingathe," anatero. "Koma zoti ndizitsuka chimbudzi cha nkhasi, ayi. Ine manja anga ndimaswalira."

Masiku amenewo ku Malengachanzi anali aatali. Ndinkamweta mpunga, mapazi ali m'matope ozizira, mankhusu akuyabwa m'khosi, mpheta zikuuluka m'magulumagulu, koma maganizo anga onse anali pa mgolo. Ndinkawerengera motere: ngati madzi osinthidwa kawiri pa tsiku akununkha chonchija, nanga madzi a masiku asanu ndi atatu adzanunkha bwanji? Ndinali wotsimikiza kuti chenjezo lachitatu linaperekedwa kale ine kulibe, ndipo kuti ndikapeza mgolo wovundikira.

Titabwerera, ndinatula thumba langa pakhomo n'kuthamangira kuseri. Madzi anali obiriwira. M'mbali mwa mgolo munali ndere, pamwamba pankayandama masamba a mango, ndipo pansi sipankaoneka. Koma fungo panalibe. Ndinaweramira pafupi, ndinanunkhiza, ndipo ndinangomva kafungo ka dothi lonyowa. Nkhasi inali pamwala, khosi italitambasula, miyendo yakumbuyo itaiwongola, maso ali gwa, owala ngati mikanda. Bambo anabwera ndi kausipa, anakagwira kumchira, ndipo nkhasiyo inasolola khosi n'kukalandira kuchokera m'zala zawo. Kwa ine inali isanachitepo zimenezo.

"Masiku ano kuli bwino kuno," anatero bambo. "Mankhwala ako aja ayamba kugwira ntchito."

Ndinavomera, pakuti panalibe kufotokoza kwina kumene ndinali nako. Ndinaganiza kuti kolorini amagwira mochedwa, monga jakisoni. Komabe mtima sunakhazikike. Bambo anali okhutira chifukwa fungo linatha, koma achimwene anati madzi asamade, ndipo madziwa anali atada kuposa tsiku lililonse chichokereni iwo. Ndinali ndi malamulo awiri ochokera kwa akuluakulu awiri, ndipo sindinkadziwa kuti ndaphwanya liti ndipo ndasunga liti.

Panali patatsala masiku awiri kuti sadaka ichitike, ndipo masiku awiriwo ndinawathera pa mtondo, pa nkhuni ndi pobwereka mbale m'makomo. Mpata woyandikira mgolo ndinaupeza m'mawa wa tsiku la sadaka lenilenilo. Mikeka ya alendo inali itayalidwa kale mumthunzi wa mango uja. Mbuzi inali itaphedwa, mpunga watsopano unkanunkhira m'bwalo monse. Ndinaganiza kuti sikoyenera kuti achimwene, atagwira ntchito yowawa miyezi itatu, apeze chiweto chawo m'madzi obiriwira. Ndinasefa madzi, ndinakhuthula akale, ndinakwecha mgolo ndi sopo. Kenaka ndinaona kuti ndere zamera ngakhale pa chigoba, motero ndinatenga chitsononkho, ndinaipanikiza nkhasi pakati pa maondo, n'kuipala msana wonse mpaka unawala. Inkakanda, inkafwenthera, inkadzitsekera, koma ndinalimbikira.

Fungo limene linatuluka tsikulo linaposa onse am'mbuyo. Linagonjetsa mpunga, linagonjetsa mbuzi. Ndipo nthawi yomweyo ashehe ndi akuluakulu a kumzikiti anali akulowa pabwalo, atavala mikanjo yawo yoyera. Ashehe anaima, n'kukweza mpango wawo kumphuno mwaulemu. Koma mkulu wina, mnzawo wa bambo wa pa bawo, sanapirire.

"Atelala, mbuzi ya sadakayi munaipha sabata yatha eti?"

Anthu anaseka. Bambo sanaseke. Anabwera pamene ndinaima, chitsononkho chili m'manja.

"Saidi, kachitatu."

"Ababa, achimwene afika lero lomwe. Tangodikirani mpaka masana."

"Ndinanena katatu. Nyamula."

Ndinaiika m'beseni n'kuyenda nayo kudambo, ndikulira mosatulutsa mawu. Ndinafunafuna malo a madzi oyera koma sindinawapeze, pakuti ng'ombe zinali zitapondaponda paliponse. Pomaliza ndinaitula m'mphepete mwa bango, pa thope lakuda. Inakhala kanthawi itadzitsekera. Kenaka inatsegula, inasuzumira, n'kuthamanga ndi liwiro limene sindinkadziwa kuti inali nalo, kulunjika pamene madzi anali akuda kwambiri. Panatuluka tithovu titatu, basi. Ndinaima pamenepo ndikudabwa kuti chinthu chimene ndinachiwiritsira madzi chingasankhe matope mosaganizira kawiri.

Achimwene anafika masana, mapemphero atatha, anthu akudya. Anali ataonda, ndipo mikono yawo inali ndi mizeremizere ya masamba a nzimbe. Atapereka moni kwa akuluakulu anapita ku mgolo, ine ndikutsatira pambuyo. Madzi anali mbee, mwala unali wotsukidwa bwino, koma munalibe kanthu. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinatchula mfundo zinayi za mlangizi. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anagwira dzanja langa n'kulinunkhiza.

"Unkaigwira?"

"Tsiku lililonse, achimwene. Kawiri."

"Kuitulutsa m'madzi?"

"Nanga ndikanatsuka bwanji?"

Anakhala pansi pa muzu wa mango, anagwira kumutu.

"Saidi, fungo limenelo si la madzi. Nkhasi imalitulutsa m'thupi mwake ikachita mantha. Ine zaka ziwiri ndinaigwira kamodzi kokha, tsiku limene ndinaichotsa mu mono. Ndinkangotungamo zikho zisanu, n'kuthiramo zisanu za kunyanja, n'kuvuula zotsala za chakudya. Nkhasiyo osadziwa n'komwe."

"Ndiye kuti miyezi itatu yonseyi..."

"Yakhala ikukuopa, mphwanga."

Sanandikalipire, sanandimenye. Anadzuka, anasamba m'manja, n'kukakhala pa mbale ya mpunga pamodzi ndi anzawo. Ine sindinadye, chifukwa palibe amene akanalola dzanja langa m'mbale. Patapita sabata amayi anatenga mgolowo n'kuyamba kuvikamo chinangwa cha kondowole, chimene, monga aliyense wa kunyanja akudziwa, chili ndi fungo lakenso losabisika. Unakhala pamalo omwewo zaka zambiri, mapazi asanu kuchokera pa mwala wotawazira, ndipo bambo sanaperekepo chenjezo ngakhale limodzi. Sindinalimbe mtima kufunsa kusiyana kwake.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ku Liwaladzi kuli mijigo, ndipo ana sadziwa kulemera kwa ndowa yochokera kunyanja nyengo ya mwera. Mwana akakhala ndi funso amafunsa foni, ndipo sachita manyazi kutchula kuti madziwo ndi a nkhasi, pakuti foni siseka. Posachedwapa ndinapita ku Ngala, kumalo ena ogona alendo, ndipo ndinaona nsomba zikusungidwa m'bokosi lagalasi, kamakina kamagetsi kakuyeretsa madzi mwakachetechete popanda dzanja la munthu kulowamo. Ndinaimapo nthawi yaitali mpaka mlonda anandifunsa ngati ndataya chinthu.

Ine tsopano ndimalembera anthu makalata opita ku maofesi, ndipo ntchito imeneyi inandizoloweretsa kufufuza amene walakwa pa nkhani iliyonse. Nkhani iyi ndaibwereza kambirimbiri. Mlangizi ananena zoona. Achimwene analangiza zoyenera. Bambo anasunga mawu awo. Ine ndinamvera onse, ndipo sindinajombe tsiku ngakhale limodzi mwa kufuna kwanga. Wolakwa sindinamupeze mpaka lero. Chokhacho chimene ndingachitire umboni n'chakuti pa miyezi itatu ija nkhasi inakhala mwamtendere masiku khumi okha, ndipo amene anaipatsa mtenderewo anali munthu amene anakana kuisamala.